Kuonda sikuteteza mtima, kayezetseni banja lonse

Nyengo ino ndaona vuto limodzimodzi likungobwerezabwereza mpaka landikwana. Munthu wa zaka 40 kapena 45 wagwa mwadzidzidzi ndi mtima, kaya wapulumuka kaya ayi, abale ake kuthamangira kukayezetsa BP ndi shuga, atawauza kuti zili bwino basi abwerera mitima ili m'malo. Za cholesterol, mafuta a m'magazi, palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa. Ukawakumbutsa akuti zimenezo nza anthu onenepa, ife ndife oonda ndipo timagwira ntchito dzuwa lonse. Abale anga, apa nde pomwe tikudzipweteka.

Pali cholesterol ina yochita kubadwa nayo, madokotala amati familial hypercholesterolemia, mwachidule FH. Chiwindi cha munthu wotere sichichotsa bwino m'magazi mafuta oipa otchedwa LDL, nde amakhala okwera kuyambira ali khanda ndipo zaka zonsezo akumatirira m'mitsempha ya mtima mwakachetechete, osamva kupweteka paliponse, BP ili bwinobwino, thupi lili see. Sikuti ndi matenda osowa, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 250 alionse ali nawo koma ambiri sakudziwa. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense kutengera kwake ndi 50 pa 100, wamwamuna kaya wamkazi. Osalandira mankhwala, pafupifupi theka la abambo otere mtima umawagwira asanakwane zaka 50, amayi ngati atatu mwa 10 asanakwane 60. Zaka zimenezi munthu ana ali pasukulu, ngongole ili pakhosi, munda ukudikira iyeyo. Ndipo choopsa nchoti banja lomwelo limalira kawiri katatu, aliyense nkumati ndi tsoka chabe.

Mlimi wina ndinakangana naye pankhaniyi. Bambo ake anapita ali achichepere, mkulu wake naye anagwera m'munda khasu lili m'manja. Iyeyo ali ndi zotupa zolimba pamtsempha wa kuseri kwa chidendene, timafuta tachikasu pazikope, kuphatikiza kamkombero kotuwa kozungulira pakuda pa diso pomwe imvi alibe. Ndikumuuza kuti achimwene izi nzizindikiro, iye kuseka, amvekere ndi za kulima izi alangizi, khasu limeneli landimanga thupi. Koma munthu yemweyu sangagule ng'ombe asanafunse kuti mayi wake anali wotani! Za magazi ake omwe ndiye ayi. Anapita kukayezetsa mkazi wake atamukakamiza, LDL inapezeka ili kumwamba, ndipo mwana wake mmodzi naye chimodzimodzi. Komanso musamati ine zotupa ndilibe, ambiri a FH alibe chizindikiro chilichonse chooneka.

China chonditopetsa ndi ichi chomati ndingosiya zamafuta zitha zokha. Kudya bwino kumathandiza inde, koma FH siinabwere ndi mbale, simungaithetse ndi mbale yokha.

Chochita nchachidule. Ngati kwanu bambo kapena mchimwene anadwala mtima asanakwane 55, mayi kapena mchemwali asanakwane 65, pitani kuchipatala mukapemphe kuyezetsa cholesterol ndipo mbiri ya banjayo muitchule, musadikire kufunsidwa. Amangotenga magazi pang'ono. LDL ikafika 190 mg/dL, kapena kuti 4.9 mmol/L, kwa wamkulu, kapena 160 mg/dL kwa mwana, adokotala ayenera kuganizira za FH. Mmodzi akapezeka nayo makolo, abale a bere limodzi ndi ana onse akayezedwe, ana asapitirire zaka 10 asanayezedwe poti mankhwala amatha kuyamba ali ndi zaka 8 mpaka 10. Mankhwala ake ambiri ndi ma statin, otsitsa cholesterol, kumwa tsiku lililonse, osasiya chifukwa choti manambala atsika. Fodya tayani. Amayi oyembekezera kapena amene akufuna kutenga mimba auze adokotala kaye asanapitirize kumwa.