Mmene mungafufuzire ambulansi za pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse ya 1914 ndi magulu amene ankaziyendetsa

Ine ndimayendetsa ambulansi kuno ku Britain. Chimene chinandilowetsa m'nkhaniyi ndi chithunzi chimene ndinagula pa msika wa zinthu zakale: msilikali ataima pambali pa galimoto ya mtanda wofiira, kuseri kwa chithunzicho kutalembedwa nambala yoyamba ndi M2. Mtima sunakhale pansi, ndinkafuna kudziwa kumene mnzanga wa ntchitoyu ankatenga ovulala ndi kumene ankakawatula.

Musayambe ndi galimoto. Yambani ndi gulu limene linkaigwiritsa ntchito, chifukwa asilikali ankasunga mapepala awo potsata magulu. Apa ndi pamene ndinatayira milungu ingapo. M'mapepala a asilikali a Britain, mawu oti Field Ambulance satanthauza galimoto ayi. Ndi gulu la madokotala ndi onyamula machira a Royal Army Medical Corps, nthambi ya zachipatala ya asilikali, ndipo divishoni (gulu lalikulu) iliyonse ya asilikali oyenda pansi inali ndi magulu atatu otere. Magulu amenewa pambuyo pake anapatsidwa magalimoto ochepa, koma gulu la magalimoto okhaokha linkatchedwa Motor Ambulance Convoy, la ambulansi 50. Ntchito yake inali kuchotsa ovulala kumalo omangira mabala n'kukawasiya ku Casualty Clearing Station, chipatala chimene nthawi zambiri chinkakhala pafupi ndi njanji.

Chaka chikuthandizaninso. Asilikali a Britain atawolokera ku France mu Ogasiti 1914, ovulala ankawanyamula pa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Magalimoto anabwera pambuyo, makamaka nyuzipepala ya The Times itayamba kusonkhetsa ndalama zogulira ambulansi za British Red Cross mu Okutobala 1914. N'chifukwa chake ambulansi zambiri zili ndi dzina la tawuni kapena bungwe lopereka mphatsoyo m'mbali mwake. Tengani galasi lokuzira zinthu muwerenge chilembo chilichonse.

Mukadziwa gulu, pitani pa intaneti ku The National Archives ya ku Kew, mufufuze m'gawo la WO 95. Mmenemo muli mabuku amene gulu lililonse linkalembamo zochitika tsiku ndi tsiku, ndipo a ku France ndi Belgium mungathe kuwakopera pa kompyuta yanu. Lembani dzina lonse la gulu ndi nambala yake. Mabukuwa samatchula madalaivala kawirikawiri, koma amanena mudzi umene gulu linagona, chiwerengero cha ovulala amene ananyamulidwa, ndi magalimoto amene anafa. Ine ndimawawerenga mapu ali pambali, ndikuwerengera mtunda. Woyendetsa ambulansi aliyense amadziwa zimene bampu imodzi imachita kwa munthu wothyoka ntchafu, ndiye ganizani msewu wokumbidwa ndi mabomba, usiku, nyali zitazimitsidwa.

Dalaivala mumufufuze padera. Ambiri sanali a chipatala, anali a Army Service Corps, gulu loona za mayendedwe ndi katundu wa asilikali, m'nthambi yake ya magalimoto, ndipo M2 ija ndi chizindikiro chawo. Makhadi a mendulo ali mu WO 372. Mafailo a asilikali ali mu WO 363, koma oposa theka anapsa mabomba atagwa pa London mu 1940, choncho mukapanda kupeza musaganize kuti mwalakwitsa.

Ngati yunifolomu siikuoneka ya usilikali weniweni, ganizani za anthu ongodzipereka. Friends' Ambulance Unit, imene anayambitsa ndi a mpingo wa Quaker mu 1914, inkagwirira ntchito cha ku Dunkirk, ndipo magulu ake othandiza asilikali a France ankadziwika ndi zilembo SSA, monga SSA 13. Makhadi a anthu ake ali pa intaneti, chimodzimodzinso a British Red Cross. Dalaivala akakhala mayi, yang'anani First Aid Nursing Yeomanry, imene inali ndi gulu la ambulansi ku Calais kuyambira 1916. Ford Model T yaing'ono yolembedwa SSU ndi ya Amereka, ndipo zambiri mwa zimenezi zinali za American Field Service, gulu la anthu ongodzipereka a ku Amereka. Mtundu wa galimoto, kaya ndi Sunbeam kaya Daimler, muuyerekeze ndi zithunzi za ku Imperial War Museum.

Amene mukufufuza za kwathu ku Nyasaland, kuyambira pa nkhondo ya ku Karonga mu Seputembala 1914 mpaka asilikali a General Northey wa ku Britain atalowa m'dera la Majeremani la German East Africa mu 1916, musadalire mawu oti ambulansi okha. Kumeneko misewu inali yochepa, ndipo ovulala ambiri anayenda pa machira, pa mapewa a atengatenga. Fufuzani mawu oti machila ndi carriers mu WO 95, kenaka mukafunsenso ku National Archives of Malawi ku Zomba.