Lowetsani AI m'kalasi ya chiyankhulo, ophunzira aikonze

Aphunzitsi anzanga, kuletsa ophunzira a kuyunivesite kugwiritsa ntchito AI, makina a pa kompyuta olemba ndi kuyankha mafunso ngati munthu, n'kudzitopetsa chabe. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo kuyambira 2024 Meta AI ili mu WhatsApp momwemo, m'foni ya aliyense wogula bandulo ya TNM kapena Airtel. Ine kuno ku Mzuzu ndimailowetsa m'kalasi, koma mpando wake ndi wa wophunzira woti anzake amukonze.

Kutatsala tsiku limodzi kuti muphunzitse, uzani ChatGPT kapena Gemini kuti ilembe ndime ziwiri m'Chichewa pa nkhani ya kwathu kuno, kaya khofi wa ku Misuku, malonda a pa msika wa Taifa kapena usipa wa ku Nkhata Bay. Musakonzemo kalikonse. Sindikizani papepala, poti magetsi akathima pulojekita sikuthandizani.

M'kalasi, agaweni anayianayi, gulu lililonse ndi cholembera chofiira. Ayambe ndi mgwirizano wa dzina ndi mneni kapena mfotokozi, chifukwa ziganizo zikatalika makinawa amatha kusokoneza magulu a mayina. Kenako asake ziganizo zomwe mawu ake ndi Achichewa koma kamangidwe kake n'Kachingerezi. Apa musathamange, ndi pamene phunziro lagona. Chiganizo chotere galamala yake imaoneka yabwinobwino, koma wophunzira akachiwerenga mokweza, anzake amayamba kuseka asanadziwe chomwe chalakwika. Afunseni kuti agogo awo akanachinena bwanji, alembe. Mukapezamo mwambi, auyang'ane kawiri, makinawa amapeka miyambi mosachita manyazi. Chifukwa chake n'chakuti anaphunzira pa zolembedwa za pa intaneti, komwe Chingerezi n'chochuluka ndipo ziyankhulo zathu n'zochepa kwambiri.

Mwayi wathu kumpoto kuno ngwakuti m'kalasi imodzi mumakhala olankhula Chitumbuka, Chitonga ndi Chingonde. Google Translate inaika Chichewa mu 2014, Chitumbuka mpaka 2024. Ndime yomweyo itembenuzidwe m'Chitumbuka, a ku Rumphi ndi a ku Mzimba atsutsane okha. Inu ingomvetserani.

Pa asainimenti, musadalire mapulogalamu onena kuti amagwira zolembedwa ndi AI. Eni ake a ChatGPT, a OpenAI, anachotsa yawo mu Julaye 2023 chifukwa imalakwitsa kwambiri, ndiye kumulepheretsa mwana wa eni pa umboni wotere n'kumulakwira. Ine ndimati wogwiritsa ntchito AI aphatikize zomwe anaifunsa ndi zomwe inayankha, kenako abwere ku ofesi tikambirane mphindi zisanu. Ndimaloza ndime imodzi n'kufunsa chifukwa chomwe anasankhira mawu amenewo. Wolemba yekha sasowa chonena.

Inunso mukafuna kuti ikuthandizeni kukonza mafunso a mayeso, ifunseni, koma werengani funso lililonse musanalipereke. Ndipo ntchito ya wophunzira yokhala ndi dzina kapena nambala yake musaiike mu ChatGPT.