Mutu ukavuta kwa m'bale yemwe ali ndi HIV, funsani izi kuchipatala

Abale anga a kuno ku Chipata, munthu wa HIV akamadandaula mutu masiku angapo, khosi lauma, akusanza kapena wayamba kuyankhula zosamveka, musamangompatsa panado, thamangani naye kuchipatala chifukwa mwina ndi cryptococcal meningitis, fangasi yolowa ku ubongo ndipo imapha ikachedwa.

Mukafika funsani anesi mwaulemu kuti CD4 (chiwerengero chosonyeza mphamvu ya chitetezo cha m'thupi) ili pa zingati, ikakhala pansi pa 200 pemphani ayeze CrAg m'magazi, chomwe ndi chizindikiro cha fangasiyo.

Adokotala angafunenso kuchotsa madzi a kumsana kuti awayeze, ndikudziwa ambiri timaopa, amati akakubaya kumsana basi wapita, koma ayi, chimapha ndi kufika mochedwa, kuchotsa madziwo kumachepetsa mphamvu yomwe ikupanikiza m'mutu ndipo nthawi zina amabwereza kangapo, vomerani chonde.

Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO a 2022 ochizira matendawa amati jekeseni imodzi yayikulu ya liposomal amphotericin B, pamodzi ndi mankhwala a flucytosine ndi fluconazole masiku 14. Amene sanayambe ma ARV adikire masabata 4 mpaka 6, adokotala akachedwetsa musakangane nawo.

Akatuluka, fluconazole apitirize kwa chaka kapena kuposa, ngakhale mutu utasiya. Tsiku lokatenganso mankhwala lembani pakalendala.