Chambo cha mu uvuni chopsa m'mphindi 30

Nsomba ya mnofu woyera, monga chambo, kapena hake imene anzathu a ku Joni amagula ili mu ayezi, ilibe mafuta ambiri. N'chifukwa chake imapsa msanga, komanso n'chifukwa chake imauma ikangopitirira nthawi ndi mphindi zisanu zokha. Anyezi ndi tomato zimachedwa kupsa kuposa nsombayo, ndiye mukaziponya zonse pamodzi mupeza anyezi ali gwa, nsomba itauma kale. Zamasamba zitsogole, nsomba ibwere pambuyo.

Pa banja la anthu asanu pezani minofu isanu ya magalamu pafupifupi 150 uliwonse, kapena nsomba ziwiri zathunthu za theka la kilo iliyonse. Onjezani anyezi awiri, tomato anayi wakupsa bwino, timagawo titatu ta adyo, ndimu limodzi, mafuta ophikira masupuni aakulu atatu ndi mchere supuni yaing'ono imodzi ndi theka. Kambuzi ndi wa amene amamufuna, koma ngati pali ana ndi bwino aikidwe payekha patebulo.

Yatsani uvuni pa madigiri 200 musanagwire china chilichonse. Dulani anyezi mopyapyala, tomato m'mabanduru, sakanizani ndi masupuni awiri a mafuta ndi theka la supuni ya mchere, muyale m'thireyi. Uvuni ikatentha, lowetsani kwa mphindi 12. Madzi a nsima kapena mpunga aterekeni nthawi yomweyi.

Tsopano nsomba. Ngati ndi yathunthu, palani mamba, itumbuleni mosamala kuti ndulu isaphulike, chifukwa ikaphulika mnofu wa pamimba umawawa ngakhale mutatsuka bwanji. Chotsani zofiira za m'mbali mwa mutu zimene imapumira, ndipo kandani ndi chala magazi akuda amene amamatirira pafupa la msana m'kati mwa mimba, poti ndiwo amabweretsa fungo. Chekani mizere itatu mbali iliyonse mpaka mpeni ukhudze fupa, kuti moto ndi mchere zilowe. Ya mu ayezi isungunuke kaye: igone m'firiji kuyambira usiku, kapena muimange m'pepala lapulasitiki losadontha n'kuiviika m'madzi ozizira kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Madzi otentha ayi, amapsereza kunja m'kati muli ayezi.

Apa ndi pamene ambiri amadumpha: pukutani nsomba ndi kansalu koyera mpaka isanyowetsenso chala. Nsomba yonyowa imatulutsa madzi m'thireyi, ndipo m'malo mowotcheka imangobwata mu nthunzi yake, n'kutuluka yotuwa, yopanda kukoma. Ikauma ipakeni mafuta otsala aja, mchere ndi adyo wosinja. Mandimu musafinyire pano. Asidi wake akakhala pamnofu nthawi yaitali amauyeretsa n'kuufewetsa, ndipo pophika umangonyenyeka. Dulani theka la ndimu m'timagawo topyapyala, muike pamwamba pa minofu kapena m'mimba mwa nsomba. Theka linalo lidikire pomaliza.

Tulutsani thireyi, takasani zamasamba zija, yalani nsomba pamwamba, khungu kunsi ngati ndi minofu. Zisagundane. Mbali ya kumchira, imene ndi yopyapyala, ipindireni pansi kuti ipsere limodzi ndi inzake.

Nthawi imatengera kukhuthala, osati kulemera. Mnofu wokhuthala ngati chala chaching'ono umapsa m'mphindi 8 mpaka 10. Wa masentimita awiri ndi theka umafuna 12 mpaka 15. Yathunthu ya theka la kilo imatenga mphindi 20 mpaka 25, ndiye pa tsiku lothamanga minofu ndi imene ingakupulumutseni. Osaitembenuza. Kukatsala mphindi ziwiri, lasani ndi foloko pamene pali pokhuthala kwambiri n'kupotoza pang'ono. Mnofu ukamagawanika wokha m'zigawozigawo, uli woyera mpaka m'kati, yapsa. Ukamaoneka ngati wonyezimira pakati, onjezani mphindi ziwiri zokha. Amene ali ndi choyezera kutentha ayang'ane madigiri 63. Mukaona timadzi toyera towundana tatuluka tambiri pamwamba, dziwani kuti moto wakula kapena nthawi yapitirira, tulutsani pomwepo.

Opanda uvuni, kapena magetsi akazima, mbaula imagwira ntchito yomweyi, monga mmene timaphikira chigumu. Tengani poto wokhuthala pansi, kazingani anyezi ndi tomato kaye, yalani nsomba pamwamba, vundikirani. Pansi siyani makala ochepa, ambiri akhale pachivundikiro. Makala akachuluka pansi, tomato amapserera nsomba isanapse, ndipo kuwawa kwake kumalowa msuzi wonse. Vundukulani kamodzi kokha, pakatha mphindi 10, mosamala kuti phulusa lisagweremo.

Ikatuluka finyirani ndimu lija, ipume mphindi zitatu. Msuzi wa m'thireyi ukachepa, chotsani nsomba, thirani kotala ya kapu ya madzi otentha n'kupala zomatirira pansi. Umakwana bwino nsima ndi mpiru pambali, kapena mpunga wa Kilombero. Gawo la mwana lipapaseni ndi zala musanamupatse, makamaka pamzere wapakati pa mnofu ndi cha kumimba, pomwe timinga timabisala. Zotsala zilowe m'firiji pasanathe maola awiri ndipo zidyedwe mawa lake.