Musanagule spirulina werengani kaye apa

Abale, ufa wobiriwira uja akuti spirulina ndi ndere za m'madzi, ku Chad anthu amaziumitsa padzuwa nkumathira mu ndiwo kuyambira kalekale. Mapuloteni alimodi, pafupifupi 60 peresenti, ayironi nayenso alimo, koma kasupuni kamodzi ndi magalamu ngati 3 basi, dzira limodzi lili ndi mapuloteni oposa pamenepo. Ndiye nyemba ndi usipa musasiye.

Chimandiwawa ine ndi ogulitsa ena amene amauza odwala kuti imachiza shuga kapena HIV, bodza limenelo, ma ARV musasiye chonde. Yosalembedwa komwe yachokera osagula, ikakulira m'madzi oipa imatenga poizoni wowononga chiwindi. Amayi oyembekezera ndi inu mukumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) funsani kaye adokotala. Yambani ndi theka la kasupuni mu phala, kafungo kake ka dambo muzolowera.