Momwe mungatsukire malenzi ofewa kuti maso asamawawe

Lenzi yofewa yovala padiso penipeni (contact lens) imamwa madzi. Mankhwala amene mwaiviikamo usiku amalowa mkati mwake, kenako n'kumatuluka pang'onopang'ono tsiku lonse ili padiso. Choncho maso akamauma kapena kuyabwa chakumadzulo, musafulumire kunena kuti malenzi ndi oipa. Nthawi zambiri vuto limakhala m'botolo kapena m'katsukidwe.

Choyamba dziwani botolo lomwe muli nalo. Lolembedwa kuti multipurpose limatsuka, kupha tizilombo ndi kusungiramo malenzi. Mumakhala mankhwala opha tizilombo monga PHMB kapena polyquaternium-1, ndipo maso ena sagwirizana nawo, makamaka malenzi akakhala opangidwa ndi pulasitiki yofewa yotchedwa silicone hydrogel. La hydrogen peroxide wa 3 peresenti limapha tizilombo mwamphamvu ndipo ndi labwino kwa amene maso awo sachedwa kufiira, koma limafuna kusamala kwambiri. La saline ndi madzi amchere otsukuluzira basi, silipha tizilombo.

Sambani m'manja ndi sopo, mupukute mpaka muume. Vulani lenzi imodzi, iikeni pachikhatho, donthezeranipo madontho angapo a multipurpose, ndipo muitikite ndi chala mbali zonse ziwiri kwa masekondi pafupifupi 20. Chitani zimenezi ngakhale botolo litanena kuti kutikita n'kosafunika, chifukwa mafuta ndi mapuloteni a m'misozi amakakamira palenzi ndipo kuviika kokha sikuwachotsa bwino. Itsukuluzeni, muiike m'kachidebe kake muli mankhwala atsopano, ikhalemo maola amene alembedwa pabotolo, kawirikawiri 4 kapena 6.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: kuthira mankhwala atsopano pamwamba pa adzulo pofuna kuti botolo likhalitse. Adzulowo mphamvu yawo yachepa kale ndipo ali ndi litsiro. Mu 2006 kampani ya Bausch & Lomb inachotsa pamsika mankhwala ake otsukira malenzi otchedwa ReNu with MoistureLoc anthu atadwala matenda a maso oyambitsidwa ndi fangasi wa Fusarium, ndipo chizolowezi chongothira pamwambachi chinatchulidwa kuti chinakulitsa vutolo.

Ngati mukugwiritsa ntchito peroxide, viikani malenzi m'kachidebe kamene kanabwera ndi botololo, osati kena. M'kachidebeko nthawi zambiri mumakhala kachidutswa kokutidwa ndi chitsulo cha platinum kamene kamasandutsa peroxide kukhala madzi ndi mpweya wa okosijeni, ndipo ntchitoyi imatenga maola osachepera 6. Mukavala lenzi nthawiyi isanakwane, diso limaotcha koopsa. Botolo lake nthawi zambiri limakhala ndi nsonga yofiira pofuna kukuchenjezani kuti musadonthezere m'diso kapena kutsukuluzira lenzi yomwe mukufuna kuvala.

Madzi apampopi asakhudze malenzi ngakhale kachidebe. Mumatha kukhala kachilombo ka Acanthamoeba, kamene kamadya mbali yoonekera ya kutsogolo kwa diso, n'kovuta kuchiza ndipo kangathe kuchititsa khungu. Malovu nawonso ayi.

M'mawa mukavala malenzi, tayani mankhwala otsala, tsukani kachidebe ndi mankhwala a m'botolo, kapukuteni ndi tishu yoyera, kenako kaikeni mozondotsa kali kotsekula kuti kaume. Pakatha miyezi itatu katayeni.

Diso likafiira, likamawawa, likamathobwa ndi kuwala kapena mukayamba kuona mwachimbuuzi, vulani malenzi nthawi yomweyo ndipo mukaonane ndi dokotala wa maso tsiku lomwelo. Mutenge malenziwo, kachidebe ndi botolo, chifukwa angafune kuziyeza kuti adziwe kachilombo kamene kalowa.