Osewera 23 pa mpikisano wa pool: mmene ndinakonzera ndandanda

Pa mpikisano woti wogonja atuluke, osewera 23 savuta poyamba pokha: mukafika kumapeto mumatsala ndi atatu, ndipo wina amalowa fainolo osasewera. Poti pali ndalama, mkangano wake sutha. Kudikira ochedwa kuti chiwerengero chikwane kunangodya nthawi.

Chinathandiza ndi masamu. Chotsani 23 pa 32 (chiwerengero choyamba choposa 23 chimene chimagawika pawiri mpaka kutsala 2), patsala 9. Anthu 9 adutse gawo loyamba osasewera, 14 enawo amenyane. Opambana 7 kuphatikiza 9 aja akwana 16, kenako 8, 4, 2. Anthu 9 odutsa osasewerawo asankheni pochita maere, mayina m'chipewa, aliyense akuona. Wosalipira dzina lake lisalowemo.

Pa mphoto, chotsani kaye ndalama ya tebulo ndi choko. Yotsalayo, woyamba 50 peresenti, wachiwiri 30, ogonja mu semifainolo 10 aliyense. Zilembeni pakhoma masewera asanayambe.